Amp ya mavalavu yojambulira nyimbo kunyumba osadzutsa aneba: ndigule ya mawati angati?

Wowerenga wina wa ku Chilomoni mu mzinda wa Blantyre watilembera motere: "Ndimakhala m'nyumba ya lendi yamdadada, ndipo kuseri kwa khoma langa kuli banja lomwe lili ndi mwana wakhanda. Ndimaimba gitala ya lead kutchalitchi, ndipo usiku ndikaweruka ndimajambula nyimbo zanga pa laputopu kudzera pa audio interface yaing'ono. Gitala ndikailumikiza mwachindunji ku kompyuta mawu ake amatuluka owuma, obaya m'khutu. Ndikufuna amp yaing'ono ya mavalavu yosaboola m'thumba. Ena akuti ndigule ya mawati 5, ena akuti 15, ena akuti ya wati imodzi ndi chidole. Mkulu wanga ali ku Johannesburg ndipo atha kundibweretsera. Ndigule iti?"

Achimwene, mtima pansi. Zimene mukufunazo ndi zotheka, ndipo zaka zino makampani angapo akupanga ma amp ang'onoang'ono a mavalavu, timababu tagalasi tokuza mawu a gitala, pamtengo woti munthu wapantchito atha kuusonkhanitsa pang'onopang'ono. Kungoti anzanuwo akukangana pa nambala imene payokha singateteze tulo ta mwana wa aneba. Chofunika kuyang'ana pogula ndi njira imene ampyo ili nayo yotulutsira mawu ake mwakachetechete.

Tiyambe ndi masamu pang'ono, chifukwa anthu ambiri amataya ndalama pamenepa. Sipika ya gitala ya mainchesi 12 ikalandira wati imodzi yokha imatulutsa phokoso la ma decibel apakati pa 95 ndi 100 kwa munthu woima mita imodzi patsogolo pake. Sipika ya mainchesi 8 imatsikirako pang'ono, koma osati kwambiri. Anthu awiri akamacheza pabalaza amakhala pa ma decibel 60 kapena cha pamenepo, ndipo oona za chitetezo pantchito amati munthu asakhale m'phokoso la 85 kupitirira maola 8 pa tsiku. Khutu lathu nalo lili ndi kawerengedwe kake: kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri, mphamvu iyenera kuchulukitsidwa ka 10. Ndiye kuti amp ya mawati 5 yotsegulidwa mpaka kumapeto imamveka ngati theka la ya mawati 50, osati gawo limodzi mwa magawo khumi monga ambiri amaganizira. Pa sipika yotulutsa ma decibel 97 pa wati imodzi, mawati 5 amafika pa 104. Wati imodzi ili pa 97. Ngakhale mutatsitsa mpaka 0.1, mukadali pa 87, phokoso lomwe nthawi ya 10 koloko usiku lidutsa khoma la mdadada popanda kupempha. Amene akuti wati imodzi ndi chidole sanaimvepo ikulira m'chipinda chogona. Ndipo pakati pa 5 ndi 15 pali kusiyana kwa ma decibel pafupifupi 5 okha.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amafuna kutsegula amp mpaka kumapeto? Amp ya mavalavu ili ndi zigawo ziwiri. Choyamba, chomwe chimatchedwa preamp, chimakhala ndi valavu yaing'ono ya ECC83, imene Amereka amailemba 12AX7, ndipo ntchito yake ndi kukuza kamawu kofooka kochokera ku gitala. Chachiwiri ndi chamagetsi amphamvu, chokhala ndi valavu ngati EL84 kapena 6V6, chimene chimakankha sipika kudzera mu thiransifoma. Mawu onona aja, osasa pang'ono mukamenya nsambo mwamphamvu n'kuyeranso mukakhudza mofatsa, ambiri mwa iwo amabadwira m'gawo lachiwirili likafika pothera mphamvu zake. Amp yokhala ndi kopotokola kamodzi kokha ka voliyumu, monga Fender Champ yachikale kapena Epiphone Valve Junior, ilibe njira ina yofikira mawu amenewa koma kukuwa. Yokhala ndi zopotokola ziwiri, cha gain chokuza mawu mu preamp ndi cha master choyang'anira voliyumu yonse, imakulolani kusasitsa mawu mu preamp kwinaku master ali pansi. Sizifanana ndendende, koma pojambula zimayandikana kwambiri.

Apa dzifunseni kuti mumaimba mawu otani. Lead ya m'matchalitchi athu ambiri, komanso ya rhumba ndi sungura, imafuna mawu oyera, owala, oti nsambo iliyonse imveke payokha. Ngati ndi choncho, ndiye kuti simukufunika kukankha valavu mpaka kumapeto, ndipo vuto lanu lapepuka. Phokoso ngati la TV ya pabalaza, la ma decibel 70, limangofuna kachigawo ka wati kochepetsetsa, pafupifupi 0.002 pa sipika ya 97. Amp iliyonse itha kuimba moyera pamenepo. Chovuta pa ya mawati 15 ndi chakuti kopotokola ka voliyumu kamachoka pa zii kufika pa phokoso lodzutsa mwana mutangokasuntha pang'ono kwambiri, moti simupeza popumira. Swichi yotsitsa mawati imakupatsani malo oti dzanja liziyenda momasuka.

Njira zochepetsera phokoso zilipo zitatu, ndipo sizilingana. Yoyamba ndi swichi imeneyi, yomangidwira mu amp momwemo. Bugera V5 Infinium, yomwe nthawi zambiri imakhala m'gulu la zotsika mtengo kwambiri, ili ndi EL84 imodzi, 12AX7 imodzi, sipika ya mainchesi 8, reverb, pobayira mahedifoni, ndi swichi ya mawati 5, 1 ndi 0.1. Mawu ake ndi ofunda, oderako, moti wokonda lead yowala amafunika kukweza tone kapena kuika pedal ya EQ patsogolo. Vox AC4TV ili ndi mawati 4, 1 ndi kota ya wati, sipika ya mainchesi 10, ndipo imawala bwino. Koma samalani, pali Vox AC4C1 yomwe dzina lake ndi lofanana koma swichi imeneyi ilibe. Marshall DSL1CR imachoka pa wati imodzi kutsika pa 0.1, pomwe DSL5CR imachoka pa 5 kutsika pa 0.5 ndipo ili ndi sipika ya mainchesi 10. Ma Marshall awiriwa anapangidwira kwambiri okonda mawu osasa a rock, ngakhale ali ndi channel yoyera. Njira ya swichiyi ndi yabwino masana ndi madzulo. Pakati pa usiku, m'nyumba ya khoma limodzi, siikwana.

Yachiwiri ndi imene ikukukhudzani inu kwambiri: potulukira mawu polembedwa emulated out kapena cab sim. Apa amp imatumiza mawu ku audio interface, kabokosi kolowetsa mawu mu kompyuta, kapena ku mahedifoni itawasefa kuti amveke ngati adutsa mu sipika, sipika yeniyeniyo ili chete. Kusefaku ndi kofunika kwambiri. Sipika ya gitala mwachibadwa imadula mawu okwera opitirira cha m'ma 5 kHz, ndipo kudula kumeneku ndi mbali yaikulu ya chimene timachitcha mawu a gitala yamagetsi. Blackstar HT-1R MkII, ya wati imodzi ndi sipika ya mainchesi 8, ili ndi potulukira potere komanso USB yolowera mwachindunji mu kompyuta. HT-5R MkII ili ndi zomwezo kuwonjezapo potulukira pa XLR, pa mano atatu ngati pa chingwe cha maiki, swichi ya mawati 5 ndi 0.5, ndi sipika ya mainchesi 12. Alipo okonda mavalavu amene amadandaula kuti ma Blackstar awa ali ndi tizida tina ta solid state, tokuza mawu popanda valavu, mu preamp. Ndi zoona, koma womvera nyimbo yanu sakasegula amp kuti aone, ndipo pa ntchito yojambula usiku ma amp amenewa amakwanira. Chimodzi choti muwerenge m'kabuku ka amp iliyonse musanagule ndi momwe sipika imatsekedwera pojambula mwakachetechete, chifukwa ina imatseka yokha mukabaya chingwe, ina imafuna swichi.

Yachitatu ndi bokosi lapadera lotchedwa load box kapena attenuator, limene limalowa m'malo mwa sipika n'kusandutsa mphamvu ya amp kukhala kutentha. Two Notes Torpedo Captor ndi lodziwika. Limalandira mpaka mawati 100 ndipo limagulitsidwa la ma ohm 4, 8 kapena 16. Bugera PS1 ndi lotsikirapo mtengo. Ndi bokosi lotere mutha kutsegula amp mpaka kumapeto m'nyumba muli zii, kenako mu kompyuta n'kuikamo mafayilo a IR, omwe ndi chithunzi cha mawu a sipika yeniyeni yojambulidwa mu situdiyo. Pa njira zitatuzi, iyi ndiyo imatulutsa mawu abwino koposa, koma bokosi labwino limatha kudula pafupifupi mtengo wa amp yaing'onoyo. Ndinganene kuti musayambe nalo. Ingoonetsetsani kuti amp yomwe mukugula ili ndi sipika yolumikizidwa ndi jack kumbuyo, osati mawaya owotcherera, kuti tsiku lina mudzathe kuikapo bokosili kapena sipika yaikulu.

Pamenepa pali lamulo losati n'kuliphwanya. Amp ya mavalavu isayatsidwe popanda sipika kapena load box, pokhapokha ngati kabuku kake kanena momveka kuti ili ndi load yamkati. Mphamvu ikasowa kopita imabwerera mu thiransifoma n'kuboola zotchingira mawaya ake, ndipo thiransifoma imeneyi ndi chida chodula komanso chovuta kupeza kuno. Ma ohm nawo agwirizane: 8 apite ku 8, 16 ku 16. Chingwe chopita ku sipika chikhale cha sipika, cha mawaya awiri onenepa. Chingwe cha gitala chimaoneka chimodzimodzi kunja, koma kawaya kake kamkati ndi kowonda ndipo sikanapangidwire magetsi otere.

Samalaninso ndi ma amp amene m'malonda amatchula valavu koma ali nayo imodzi yokha mu preamp. Orange Micro Terror ndi chitsanzo: ili ndi 12AX7 imodzi, koma mawati ake 20 amachokera ku solid state. Ndi amp yabwino pa ntchito yake, kungoti mudziwe chimene mukulipira. Mukamasaka pa intaneti lembani valve kapena tube, ndipo muone ngati atchula valavu ya gawo lamphamvu.

Za kukula kwa sipika, ya mainchesi 8 m'kabokosi kakang'ono imamveka yofinyika, yosowa mawu apansi. Pojambula izi sizipweteka kwambiri, chifukwa gitala ya lead mu nyimbo yokhala ndi bass ndi keyboard imafunika kusiyira anzake malo apansiwo. Ndiponso mawu apansi ndi amene amadutsa khoma mosavuta, kotero sipika yaing'ono ikukuthandizani kwa aneba. Ya 10 kapena 12 imakoma kwambiri m'chipinda.

Chinthu china chomwe ogulitsa satchula ndi kung'ung'udza kwa amp ikangoyaka. Ma amp otchedwa single-ended, omwe valavu yamphamvu imakankha mbali imodzi yokha, monga V5, AC4 ndi Champ, amakhala ndi kaphokoso ka "mmmm" kochokera ku magetsi a pakhoma, chifukwa kamangidwe kake sikafafaniza phokosoli monga amachitira a push-pull, omwe ali ndi mbali ziwiri zosinthana kukankha, gulu lomwe muli ma Blackstar ndi ma Marshall aja. Mukamaimba mokweza simukamva. Mukamajambula motsitsa kwambiri, maiki ili pafupi ndi sipika, kamalowa m'nyimbo. Muuzeni mkulu wanu kuti poyesa atsitse voliyumu mpaka pa 0, aike khutu pafupi ndi sipika m'chipinda chopanda phokoso.

Tsono za magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito ma volt 230, chimodzimodzi ku South Africa ndi ku Britain, choncho amp yogulidwa kumeneko ingoyaka popanda vuto. Yochokera ku America ndi ya 120, ndipo mukaibaya pa soketi yathu popanda thiransifoma yotsitsa magetsi ipsa nthawi yomweyo. Onani cholembedwa kumbuyo pafupi ndi fyuzi musanalipire. Pulagi ya ku South Africa ndi ya mano atatu ozungulira pomwe yathu ndi ya makona. M'malo modalira adaputa yogwedera, sinthani chingwe chonse, popeza ma amp ambiri amagwiritsa ntchito chingwe chochotseka ngati cha kompyuta ya padesiki. Dzino lachitatu la earth lisachotsedwe pa chifukwa chilichonse. Nsambo za gitala yanu ndi zolumikizana ndi chitsulo cha amp, ndipo china chikalakwika mkati, waya wa earth ndi amene amaletsa magetsiwo kudutsa m'manja mwanu. Nyumba zina za lendi masoketi ake alibe earth yeniyeni, ndiye ndi bwino wamagetsi ayeze soketi yanu. Magetsi akathima, zimitsani amp ndi kuizula pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera modumpha. Kachida kotetezera ngati kamene timaika pa firiji kamathandiza. Ngati mumadalira inveta, ikhale ya pure sine wave. Zotsika mtengo za modified sine wave zimalowetsa phokoso la "zzzz" m'mawu ndipo zimatenthetsa thiransifoma.

Ngati mkulu wanu apeza yogwiritsidwapo kale ntchito, yomwe ndi njira yabwino yopulumutsira ndalama, aiyatse ndi kuiimbira kwa mphindi zosachepera 20, pakuti zolakwika zambiri zimaonekera amp ikatentha. Apotokole kopotokola kalikonse kumva ngati kakuthetheka. Agogode valavu iliyonse pang'ono ndi pensulo yamtengo. Kumveka kwa "thi" kochepa ndi kwabwinobwino, koma ikalira ngati belu kapena kuyamba kuimba likhweru yokha, valavuyo yatha. Kadontho konyezimira ngati siliva mkati mwa galasi ndi chizindikiro chabwino, ndipo kakasanduka koyera ngati ufa ndiye kuti mpweya walowa, valavuyo yafa. Kuwala kwa orenji pakatikati ndi kwa nthawi zonse, koma chitsulo chachikulu chamkati chikafiira ngati khala, azimitse msanga. Atsegulenso pa fyuzi aone ngati ilipo ya nambala yoyenera, osati waya womangidwa pamenepo. Aimbe nsambo yaikulu ya E mokweza kuti amve ngati sipika ikukhula kapena kunjenjemera. Pobwera nayo pa basi, mavalavu achotsedwe amp itazizira, akulungidwe iliyonse payokha, alembedwe malo ake, ndipo ayende m'chikwama cha m'manja. Agule ECC83 imodzi yapadera, valavu yamphamvu imodzi ndi mafyuzi awiri, chifukwa kuno simungangolowa mu shopu n'kuzipeza. EL84, 6V6 ndi ECC83 zimapezeka mosavuta kusiyana ndi 12BH7 imene ili mu HT-5R ndi DSL5CR, kotero ngati mwasankha imodzi mwa ziwirizi, yapaderayo igulidwe tsiku lomwelo. Muwerengerenso za msonkho wa pa chipata ndi mtengo wa katundu pa basi, poti ma amp awa amalemera kuyambira makilogalamu 5 mpaka cha m'ma 14.

Pojambula ndi maiki, Shure SM57 ndi imene yakhala ikugwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, koma zachinyengo zake zachuluka, ndiye igulidwe m'sitolo yodalirika. Iikeni masentimita 2 kapena 3 kuchokera pa nsalu ya kutsogolo, kuloza pamene kachipewa ka pakati pa sipika kamakumana ndi pepala lake. Mukaisunthira pakati mawu amawala n'kuyamba kubaya, mukaisunthira m'mphepete amadera. Sentimita imodzi imasintha mawu kuposa kupotokola treble. Amp ichoke pansi, ikhale pa mpando poyalidwa bulangeti lopinda, kutali ndi khoma la aneba, chifukwa simenti ndi njerwa zimanyamula kunjenjemera. Kumbuyo kwake kukhale kotseguka kuti mpweya uzidutsa. Kuikwirira ndi mabulangeti kapena kuitsekera mu wadirobu yodzaza zovala kumaphika mavalavu ndipo kutha kuyambitsa moto. Inu khalani mamita awiri kuchoka pa maiki, apo ayi ijambula kukhula kwa pick pa nsambo. Jambulani pa 24-bit, mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB, osafika pofiira. Mukamagwiritsa ntchito emulated out, interface ikhale pa line, ndipo batani la 48V, lopereka magetsi ku maiki zina, likhale lozimitsa. Phokoso lachilendo likabwera, yambani ndi kuzula chaja ya laputopu. Likatha, ndiye kuti ndi ground loop, phokoso lobwera zida zikalumikizidwa ku earth kudzera njira ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi DI box, kabokosi koikidwa pakati pa amp ndi interface, yokhala ndi swichi ya ground lift, kapena kujambula laputopu ili pa batire. Gitala yokhala ndi totolera mawu a nsambo ta mtundu wa single coil imakokanso phokoso la machaja ndi mababu ena, ndipo kungotembenuza mpando nthawi zina kumalithetsa.

Ngati mwagula amp koma ikusasa msanga kuposa momwe mukufunira, sinthani 12AX7 yoyamba ndi 5751 kapena 12AY7. Miyendo yake ndi yofanana, koma 12AX7 imakuza mawu ka 100, 5751 pafupifupi ka 70, ndipo 12AY7 cha m'ma 40.

Musanatumize ndalama ku Johannesburg, yesani ichi usiku uno. Onani ngati batani la INST kapena Hi-Z pa interface yanu, lomwe ndi la pobaya gitala mwachindunji, ndi loyatsa, kenako ikani pulogalamu yaulere monga Neural Amp Modeler, yotsanzira mawu a amp, pamodzi ndi IR ya sipika. Kuwuma kumene mukudandaulako kawirikawiri kumabwera chifukwa palibe chimene chikutsanzira sipika. Mwina mupeza kuti usiku pulogalamuyo ikukukwanirani, ndiye amp mudzaigulire masana, ndipo pamenepo Bugera V5 kapena Vox AC4TV ndi SM57 ndi chisankho chabwino chotsika mtengo. Ngati mukufunitsitsa kuti mawu a usiku adutse mu mavalavu enieni, malinga ndi kaimbidwe kanu koyera ndingakulozereni ku Blackstar HT-5R MkII, ndipo ndalama zikaperewera, HT-1R MkII. Ya mawati 15 isiyeni pokhapokha ngati mukufuna kuti izilimbana ndi ng'oma kutchalitchi popanda maiki. Ya mawati 5 kutchalitchi ingoikirani maiki kapena muitumize ku mixer.

Kusintha valavu mutha kuchita nokha amp itazulidwa pakhoma ndi kuzizira, ndipo ma amp ambiri a valavu imodzi yamphamvu safuna kuchunidwa mukaikamo ina ya mtundu womwewo. Koma chitsulo chamkati chomwe muli mawaya musachitsegule. Ma capacitor a mmenemo amasunga ma volt opitirira 300 ngakhale amp itazulidwa, ndipo atha kupha munthu. Pitani kwa mmisiri ngati fyuzi yapsa kachiwiri mutaikamo yatsopano ya nambala yoyenera, ngati mwamva fungo la kupsa, ngati valavu yatsopano ikufiirabe, ngati kung'ung'udza kwakula mwadzidzidzi, kapena ngati nsambo zikukulumani pang'ono mukakhudza maiki. Chomalizachi ndi changozi kwambiri, ndipo amp isayatsidwenso mpaka soketi ndi ampyo zitayezedwa. Si wokonza mafoni kapena ma TV aliyense amene anagwirapo zida za mavalavu, choncho mufunseni kaye ngati anakonzapo, ndipo mumutengere schematic ya amp yanu, yomwe ndi mapu a mawaya ake, yosindikiza papepala pamodzi ndi mavalavu apadera aja.